Chikho cha mitundu iwiri

Poti tiyi akadali pamoto, tiyeni tiganizeko za chikho china chake chagalasi.

Chili ku British Museum, ku London. Anachipanga ndi Aroma, zaka pafupifupi 1,600 zapitazo. Mukachiunika chakutsogolo, n'chobiriwira. Mukaika nyali kumbuyo kwake, chimafiira psuu.

Chinsinsi chake ndi timibulu ta golide ndi siliva m'galasimo, tating'onoting'ono, tosaoneka ndi maso. Masiku ano asayansi amaphunzitsa makompyuta ndi zitsanzo zambirimbiri, kuti azitha kulosera mtundu umene kambulu kotere kangaonetse, malinga ndi kukula ndi kaumbidwe kake.

Koma ine chondigwira mtima ndi nyaliyo. Galasi ndi lomwe lija, yasuntha ndi nyali basi.

N'chimodzimodzi ndi anthu: uyo wakwinya nkhope m'minibasi m'mawa uno, mwina nyali sinafike kumbuyo kwake.