Kodi Mwana Wotupa Tsaya Walodzedwa?

Abale anga a m'Chigwa, mwana akatupa tsaya kapena mimba mwadzidzidzi, mano nayamba kugwedera, mudzi wonse unong'onezana kuti, "Wamlodza ndani?" Ndipo chala chiloza nkhalamba yopanda woitchinjiriza.

Komatu ilipo nthenda yotere, ndipo ili nalo dzina. Mu 1958 dokotala Denis Burkitt anailongosola ali ku Uganda. Mu 1961 anayendera zipatala kufikira ku Nyasaland, napeza kuti ichuluka kumalo otentha ndi achinyontho. Ndiko kumene malungo satha, monga kwathu kuno ku Chikwawa ndi ku Nsanje. Ndiyo khansa ya ana, ndipo chotupa chake chikhoza kuwirikiza pa masiku awiri okha.

Ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre aika kachipangizo pamimba pa mwana, kotumiza mawu osamveka m'khutu la munthu. Mawuwo pobwerera ajambula zam'kati, khungu losang'ambidwa. Atatero atenga kachidutswa ka chotupacho, nakapima pa galasi lokulitsa zinthu, kuti atsimikize.

Wina adzati, "Nanga mwana akamwalirabe, chithunzicho chapindulanji?" Ndiyankha pawiri. Poyamba, ambiri ofika msanga achira ndi mankhwala, ndipo sabata yotayika pa ula siibwera. Kachiwiri, ula utchula dzina la munthu, koma kupima kutchula dzina la nthenda, ndipo wosachimwa amasuka. Tingakhale talira maliro, sitidzakwirira chibale chathu pamodzi ndi mwanayo.

Chifukwa chake, musanafunse kuti "ndani," yambani mwafunsa kuti "nchiyani."