Chimene ndinaseka pa Chisokone

Loweruka lina ndinali pa msika wa Chisokone kuno ku Kitwe, ndikunenerera mtengo wa nsapato za mwana. Wogulitsa, mnyamata wa kwathu kum'mawa, atatopa nane anati, "Aa, amalume, kuumira kwanuku ngati Myuda!" Ndinaseka, iyenso anaseka, nsapato ndinagula. Koma kuseka kuja kunandikhala pakhosi. Sindikhulupirira kuti mnyamatayo anaonapo Myuda ndi maso ake. Mawuwo anangowatola, monga mwana atolera chitsulo pamsewu osadziwa galimoto imene chinagwako.

Ine ndiye ndilibe pobisala, chifukwa ndimadutsa pa nyumba imene kale inali sunagoge wa Ayuda a m'tauni muno. Masiku ano mumapemphera a Salvation Army. Ku Ndola, ku Luanshya ndi ku Mufulira kunalinso masunagoge. M'zaka za m'ma 1950 Ayuda m'dziko muno anali pafupifupi 1,200, lero otsala ndi owerengeka. Ambiri anachokera ku Lithuania ndi Latvia, ena anathawa Hitler ku Germany cha m'ma 1938 ndi 1939. Azungu anzawo sanawalandire onse ndi manja awiri. Pamene boma la Britain linkaganiza zokhazika mabanja othawawo ku Mwinilunga, atsamunda ambiri a kuno anakana, ndipo ganizolo linafera m'mazira.

Chaka cha 1938 chomwecho kunafika mnyamata wa zaka 13 wochokera m'tauni ya Ukmergė ku Lithuania, dzina lake Simon Zukas. Patangopita zaka zitatu, mu 1941, Ayuda a m'tauni yakwawoyo anawomberedwa m'nkhalango, ana ndi makolo omwe. Ndimaganiza kawirikawiri za mnyamata ameneyu akukula pakati pa migodi, akuona munthu wakuda akugulira nyama pawindo pamene mzungu akulowera pakhomo. Akanatha kukhala chete, khungu lake linkamulola. Koma atakula n'kuyamba ntchito ya uinjiniya ku khonsolo ya Ndola, anagwirizana ndi Justin Chimba, Reuben Kamanga ndi anzawo ena kukana Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Boma linamutsekera m'ndende ku Livingstone, ndipo mu 1952 linamuthamangitsira ku Britain. Anabwerera dziko litalandira ufulu, anadzakhala nduna m'boma la a Chiluba, ndipo anamwalira mu 2021 ali ndi zaka 96.

Apa pali chinthu chimene chimandiseketsa mwa mtundu wina. Roy Welensky, amene anatsogolera Chitaganya chomwecho kuyambira 1956 mpaka 1963, bambo ake analinso Myuda wa ku Lithuania. Wina akumanga, mnzake akugwetsa. Ndiye tikamati "ngati Myuda", tikunena uti mwa awiriwa? Mawu otere amatenga anthu osiyana mitima n'kuwathira m'thumba limodzi, ndipo thumba likamangidwa pakamwa silivuta kuliponya m'madzi. Ku Ulaya zinayamba motero, ndi nthabwala za ndalama ndi kuumira, mfuti zinabwera pambuyo.

Nthabwala zina tinaziyamwira kutchalitchi, n'zowawa kuvomera. Lachisanu Loyera timamva kuti "Ayuda" anafuula, ndipo m'makutu a mwana dzina la Yudasi ndi la Ayuda zimangomveka chimodzimodzi. Timaiwala kuti Yesu, amayi ake ndi Petulo anali Ayuda. Mpingo wa Katolika unanena poyera mu 1965, m'chikalata cha Nostra Aetate, kuti imfa ya Yesu isasenzetsedwe Ayuda onse, a nthawi imeneyo kapena a lero. Zaka zonsezi zapita, koma mawuwo akuyenda pang'onopang'ono kuti afike pamsika.

Akuluakulu anati mlendo ndi mame. Alendo awa anakamukadi, anabalalika ku South Africa, ku Britain, ku Israel. Manda awo ali pano, ndipo Rabbi Moshe Silberhaft wa African Jewish Congress wakhala akuyenda m'maiko athu ano kuwasamalira. Bungwe la Council for Zambia Jewry litagulitsa malo ake ena, linathandiza kumanga sukulu ya udokotala ya Copperbelt University ku Ndola. Ana amene amaphunzira m'menemo ndi athu, a ku Chipata, a ku Kasama, a ku Mongu. Ayuda amenewa ndi anthu amene ine ndinawaseka kuti ndi oumira.

Sindinapite kumsonkhano uliwonse woteteza Ayuda, ndipo kuno otetezedwawo ndi ochepa kwambiri moti mwina sadzamva n'komwe zimene zinanenedwa pa Chisokone. Amene anamva ndi mwana wanga, amene anaima pambali panga atanyamula nsapato zake zatsopano, ndipo anaona bambo ake akuseka.

Nsapato zija zayamba kuthina. Loweruka likubwerali tibwerera kwa mnyamata yemwe uja, ine ndi mwanayo, ndipo ndikamufunsa ngati dzina la Simon Zukas analimvapo.