Wogonetsedwa Sangathe Kukana: Kodi N'koyenera Kuyesera Mankhwala pa Iye?

Akhristu ambiri a m'parishi muno anakhalapo pabenchi lachipatala kudikira m'bale wawo amene walowa ku fiyeta, kaya ndi mayi wobereka kudzera pa opaleshoni kapena mwana wothyoka mkono. Odwala otere amayamba apatsidwa mankhwala ogonetsa kapena ochititsa dzanzi kuti asamve mpeni. Ena mwa mankhwala amene amadaliridwa kwambiri m'zipatala za m'maboma kuno ku Malawi ndi ketamine. Achipatala amawakonda chifukwa kawirikawiri wodwala amapitiriza kupuma yekha, kuthamanga kwa magazi sikutsika, ndipo amangobayidwa ndi jakisoni popanda kufuna makina ambiri.

Mankhwala amenewa anapangidwa koyamba mu 1962 ndi katswiri wina dzina lake Calvin Stevens, ku America. Mu 1964, madokotala awiri, Edward Domino ndi Guenter Corssen, anawayesera pa anthu kwa nthawi yoyamba. Anthuwo anali akaidi 20 a m'ndende ya ku Jackson, m'chigawo cha Michigan, amene anavomera kutenga nawo mbali. Kafukufukuyo anasonyeza kuti mankhwalawa amathetsa ululu, ngakhale ena podzuka ankaona zinthu zachilendo ngati maloto. Mu 1970 boma la America linawavomereza. Choncho mayi amene wapulumuka lero pa opaleshoni ku chipatala chakumudzi wathandizidwa ndi akaidi amene sadzawadziwa.

Apa ndi pamene pagona funso. Mankhwala ogonetsa sangadziwike mphamvu yake popanda kugonetsa nawo munthu. Koma munthu akagona sangathe kunena kuti "basi, ndisiyeni". Kodi n'koyenera kumuyesera mankhwala?

Mpingo sutsutsa kuthetsa ululu. Mu 1957 Papa Pius XII, polankhula kwa madokotala ogonetsa odwala, ananena momveka kuti mkhristu salakwa kulandira mankhwala oletsa ululu pa opaleshoni. Mpingo sutsutsanso kafukufuku. Katekisimu wa Mpingo wa Katolika, pa nambala 2292, amazindikira kuti kuyesa mankhwala pa anthu kungathandize kuchiza odwala. Koma pa nambala 2295 amaika malire awiri. Loyamba, munthu asaikidwe pa chiopsezo chopitirira muyeso kapena chimene chikanapeweka. Lachiwiri, mwiniwakeyo kapena womuyankhulira movomerezeka avomere atamvetsa bwino zimene zichitike.

Chifukwa chake n'chakuti ulemu wa munthu suchokera ku kudzuka kwake kapena kulankhula kwake. Umachokera kwa Mulungu amene anamulenga m'chifaniziro chake. Wodwala amene wagona pa tebulo la opaleshoni akadali munthu yemwe uja amene analowa akuyankhula. Popeza sangadziteteze ali mtulo, mawu ake ayenera kumveka asanagone, ndipo ayenera kulemekezedwa mpaka atadzuka.

Koma sikuti "inde" aliyense ndi wochokera pansi pa mtima. Akaidi a ku Jackson anavomera, n'zoona. Komabe munthu amene chakudya chake, malo ake ogona ndi tsiku lake lotuluka zili m'manja mwa ena, kodi ali ndi ufulu wokwanira wokana? Nkhawa yotereyi inachititsa kuti mu 1978 dziko la America likhwimitse malamulo okhudza kafukufuku wochitidwa pa akaidi. Izi zisanachitike, mu 1966, dokotala wogonetsa odwala wa ku Harvard, Henry Beecher, anali atalemba nkhani yotchula kafukufuku 22 momwe miyoyo ya odwala inaikidwa pa chiswe, ambiri osauzidwa n'komwe. Ochita zimenezi sanali zigawenga ayi. Anali madokotala olemekezeka amene chidwi chofuna kudziwa chinawaiwalitsa munthu amene wagona patsogolo pawo.

Wodwala wosauka wa kuno kwathu si mkaidi, koma naye akhoza kuvomera mwamantha. Ululu wamupanikiza, pepala alisainire lalembedwa m'mawu ovuta, ndipo mumtima akuganiza kuti akakana adokotala amukwiyira n'kumusiya osamuthandiza. Kusaina kotereku kumakwaniritsa lamulo la papepala, koma sikukwaniritsa chilungamo pamaso pa Mulungu. Dokotala kapena namwino wachikhristu ali ndi udindo wofotokoza m'chilankhulo chimene wodwala akumva, kumupatsa nthawi yoganiza, ndi kumutsimikizira kuti akakana adzalandirabe chithandizo chonse choyenera.

Nayenso wodwala ndi womudikirira ali ndi mbali yawo. Kufunsa ndi kudziwa njira. Asanasaine ayenera kufunsa kuti: kodi mankhwalawa ndi ozolowereka kapena akuyesedwa kumene? Zovuta zake zodziwika ndi ziti? Ndani wavomereza kafukufukuyu? Ku Malawi kafukufuku wa zaumoyo amayenera kuunikidwa kaye ndi makomiti ngati NHSRC ya ku Unduna wa Zaumoyo kapena COMREC ya ku Blantyre. Kufunsa zimenezi si mwano, ndipo wofufuza woona mtima sangakwiye nazo.

Komanso mkhristu asakane kafukufuku chifukwa cha mphekesera, monga zija zoti ofufuza amapopa magazi a anthu kuti akagulitse. Kukana chifukwa cha bodza si ufulu weniweni, ngati mmene kuvomera chifukwa cha mantha sikulili ufulu. Munthu amene wamvetsa bwino, wapemphera, n'kuvomera kuti mankhwala ayesedwe pa iye pofuna kuthandiza odwala amtsogolo, wachita ntchito yachikondi kwa anthu amene mwina sanabadwe. Amene wamvetsa n'kukana sanachimwe, ndipo palibe woyenera kumuweruza. Mphatso yotere munthu amapereka yekha ali maso. Ikatengedwa kwa iye ali mtulo, imeneyo yasanduka kuba, ngakhale zotsatira zake zitapulumutsa anthu ambiri.