Kodi Tiodire Ndani ku Enceladus?

Pa 15 September 2017 akatswiri a bungwe la NASA ku America adaononga dala chombo chawo. Sichidagwe mwangozi ayi. Iwo eni ndiwo adachiwongolera n'kuchilowetsa mumpweya wokuta dziko la Saturn paliwiro loopsa, ndipo m'kanthawi kochepa chidanyeka chonse. Uthenga wake womaliza udatenga mphindi 83 kuti ufike kuno. Pamene ankaumva n'kuti chombocho chitapsa kalekale. Dzina lake chinali Cassini. Chidanyamuka padziko lino mu 1997, chidafika ku Saturn mu 2004, ndipo chidadya ndalama zoposa madola 3 biliyoni.

N'zoona kuti mafuta ake anali atatsala pang'ono kutha. Koma galimoto ikatha mafuta timangoikankhira pambali pa msewu, sitiiyatsa moto. Akadatha kuchisiya kuti chizingoyandama m'mlengalenga. Chimene adaopa n'choti chikasowa wochiwongolera, tsiku lina chikadakagwera pa umodzi mwa miyezi yozungulira Saturn, makamaka Enceladus kapena Titan, n'kutayirapo tizilombo tosaoneka ndi maso tochokera kuno kwathu, timene mwina tidakakamira m'zitsulo zake. Ndipo aka sikanali koyamba. Mu September 2003 chombo china, Galileo, adachiponya chimodzimodzi m'dziko la Jupiter pofuna kuteteza mwezi wake wotchedwa Europa.

Nkhaniyi yakhala ikundizungulira m'mutu. Anthu kuwotcha chuma chawo pochitira ulemu chamoyo chimene palibe amene adachionapo, chimene mwina kulibe n'komwe! Kodi imeneyi ndi nzeru, kapena ndi masewera a anthu okhuta?

Tiyambe ndi madziwo, pakuti ndiwo gwero la nkhani yonse. Ife kuno madzi oundana timawadziwira mufiriji ndi m'matalala amene amaboola fodya m'munda, basi. Choncho zimavuta kukhulupirira kuti kunja kwa dziko lathu madzi oterewa ali mbwee. Mu 2008 chombo chotchedwa Phoenix chidatera chakumpoto kwa dziko la Mars n'kukumba kadzenje ndi mkono wake wachitsulo. Pansi pa dothi lofiira padaoneka timibulu toyera. Ena ankati ndi mchere, ena ankati ndi ayezi. Patapita masiku anayi adajambulanso malo omwewo, koma timibulu tija kuli zii. Mchere suuluka. Mu 2009 adamenyetsa chidutswa cha roketi m'chigwa chamdima chotchedwa Cabeus, kum'mwera kwa mwezi wathu womwe uno, ndipo m'fumbi lomwe lidabuka adapezamo madzi. Ngakhale ku Mercury, dziko loyandikana kwambiri ndi dzuwa kumene masana kutentha kumapitirira madigiri 400, chombo cha MESSENGER chidatsimikiza mu 2012 kuti muli ayezi m'maenje akuya amene dzuwa silidawalemo chiyambire.

Komatu ayezi payekha si nkhani. Chamoyo chilichonse chimene tikuchidziwa chimafuna madzi oyenda, osati ouma gwa ngati mwala. Apa ndi pamene Europa ndi Enceladus akusiyanira ndi malo ena onsewo. Kunja kwake ndi chigoba cha ayezi, koma pansi pa chigobacho pali nyanja. Mungafunse kuti madzi angasungunuke bwanji kutali choncho ndi dzuwa. Aliyense amene adapangapo galimoto zamawaya ali mwana akudziwa yankho: ukamapinda waya uku ndi uku kuti aduke, amatentha mpaka kukuwotcha chala. Miyezi imeneyi imakokedwa ndi kufinyidwa mosalekeza ndi mphamvu ya maiko aakulu amene imawazungulira, ndipo kufinyidwako n'kumene kumatenthetsa m'kati mwake. Akatswiri akuganiza kuti nyanja ya ku Europa ili ndi madzi ochuluka kuposa nyanja zonse za dziko lathu kuziphatikiza pamodzi.

Enceladus ndi kamwezi kakang'ono, makilomita pafupifupi 500 kuchoka mbali ina kufika mbali inzake. Nyanja yathu ya Malawi ndi yaitali kukaposa. Koma mu 2005 Cassini idaona kuti kum'mwera kwake kuli ming'alu imene ikulavula nthunzi ndi timibulu ta ayezi m'mwamba. Idadutsa m'nthunzimo kangapo n'kulawa. Idapezamo mchere. Idapezamo mpweya wa hydrogen, chizindikiro chakuti pansi pa nyanjayo madzi otentha akukhudzana ndi miyala. Mu 2023, chombocho chitapsa kale, ofufuza zomwe chidatumiza adalengeza kuti mulinso phosphorus, imene selo lililonse la m'thupi mwanu ndi mwanga limaifuna. Tsono kumbukirani kuti mu 1977, pansi pa nyanja ya Pacific pafupi ndi zilumba za Galápagos, anthu adapeza akasupe otentha mumdima wandiweyani, mozungulira mwake muli nyongolotsi zitalizitali ndi nkhanu, zonse zodalira tizilombo timene timadya za m'madzi a akasupewo, osati kuwala kwa dzuwa. Ngati zidatheka kuno, kumeneko zingalephere bwanji?

Ndinene mosabisa mawu: mpaka lero palibe chamoyo chimene chapezeka kunja kwa dziko lino. Mu 1996 dziko lonse lidagwedezeka ndi mwala wochokera ku Mars umene udatoledwa ku Antarctica, mpaka Pulezidenti Bill Clinton adaukambapo pamaso pa atolankhani. Ambiri mwa akatswiri pambuyo pake adaona kuti timizere ta m'mwalamo tikadatha kupangika popanda chamoyo. Zimene tili nazo m'manja ndi nyumba yofolera bwino, moto uli pamafuwa, madzi ali mumtsuko. Mwini nyumba sitidamuone.

Ndidakamba zimenezi ndi mnzanga wina, mphunzitsi wa sekondale, tikudikira minibasi. Adaseka mpaka kugwira m'chiuno.

"Aise, iweyo m'mawa uno wasamba ndi sopo? Wapha tizilombo tingati? Madzi akumwa umawiritsa kapena kuthiramo kolorini, nanga umayamba wapepesa? Ndiye ukandiuze kuti kachilombo ka ku Saturn ndiye kali ndi ufulu wachibadwidwe! Amene aja amangoteteza ntchito yawo, osati za ulemu ukunenazi."

Sindidamuyankhe bwino tsikulo, ndipo mbali ina amanena zoona. Pangano la maiko la mu 1967 lokhudza za m'mlengalenga limauza maiko kuti apewe kuipitsa mwezi ndi maiko enawo, koma chifukwa chachikulu chimene asayansi amapereka n'chodziteteza okha. Mlenje wopondaponda pamalo amene akufuna kutsata mapazi a nyama amadzatsata mapazi ake omwe. Mukatayira tizilombo ta kuno ku Europa, patapita zaka makumi asanu mudzakatipeza n'kuimba nthungululu kuti mwapeza zamoyo zachilendo, pamene mwangokumana ndi zidzukulu za tizilombo ta m'manja mwa amene adamanga chombo. N'chifukwa chake zombo ziwiri za Viking, zimene zidatera pa Mars mu 1976, adayamba aziwotcha mu uvuni zisadanyamuke.

Chifukwa chimenechi n'chomveka, koma chili ndi tsiku lothera. Chikutanthauza kuti tikadzamaliza kuyeza, kujambula ndi kulemba mabuku athu, basi, malowo adzakhala athu oti tichite nawo zimene tifuna. Ine pamenepo mtima wanga sukuvomera, ndipo ndakhala ndikudzifunsa kuti ukukanira chiyani.

Ndili ndi zaka zisanu ndi zitatu, mvula idatipeza panjira ine ndi agogo anga aakazi tikuchokera kuchigayo. Tidathamangira kukanyumba kena ka pabwinja, chitseko chidagwa kale, udzu utamera pakhomo. Ine ndidafuna kungolowa. Agogo adandigwira paphewa, naima pamvula pomwepo, thumba la ufa lili pamutu.

"Odi kuno! Odi eni nyumba!"

"Agogo, mulibe anthu muno."

"Wadziwa bwanji? Walowamo?"

Adaodiranso kachitatu, kenaka adasuzumira, ndipo pamene tidalowa tidakhala chapakhomo pomwepo osagwira kanthu. Munalibedi munthu. Ufa udanyowa pang'ono, ndipo ine ndidakwiya mpaka kunyumba. Zaka zambiri zidapita ndisadamvetse kuti odi uja sankadikira umboni wakuti muli munthu. Ukadikira umboni ndiye kuti walowa kale, ndipo ngati munali woti umuone ali chosavala, wamuona kale. Ulemu umenewu umagwira ntchito nthawi imene sukudziwa. Ukadziwa, nthawi yake yapita.

Koma mnzanga uja akadali ndi funso lake: kachilombo si munthu, ndiye ulemu wanji? Yankho langa ndi ili. Kachilombo kamene ndimapha ndi sopo ndi m'bale wanga. Musaseke. Zamoyo zonse za padziko lino, munthu, mlambe, chambo, bowa, ngakhale kachilombo ka kolera, zimalemba malangizo a thupi lake m'chilankhulo chimodzi cha DNA, umboni wakuti zonse n'zamtundu umodzi kuchokera pachiyambi. Ndikapha mamiliyoni m'manja mwanga, mtunduwo sutha, mawa adzadzazanso. Tsono ngati pansi pa ayezi wa ku Enceladus pali chamoyo chimene chidayamba pachokha, chosakhudzana nafe, ndiye kuti chimenecho si kachilombo kamodzi ayi. Ndi mtundu wathunthu wachiwiri wa moyo, wakhala m'mudzi mwake mwina zaka mamiliyoni osawerengeka. Kuufafaniza sikufanana ndi kupha nkhuku imodzi. Kukufanana ndi kupha nkhuku zonse, ndi mazira omwe, kuti mawu oti nkhuku asadzakhalenso ndi tanthauzo. Anzanga opemphera ena amaopa nkhani zoterezi ngati zikutsutsa chikhulupiriro. Ine ndikuona kuti wokhulupirira Mlengi ndiye woyenera kunjenjemera kwambiri asadaponde m'munda umene sadaulime iye.

Ndipo tisaganize kuti kuononga kumafuna mtima woipa. Amene adaika nsomba yaikulu ija ya Nile perch m'nyanja ya Victoria m'zaka za m'ma 1950 ankafuna kutukula usodzi. Pofika m'ma 1980 nsombayo inali itameza mitundu yambirimbiri ya tinsomba timene sitinkapezeka kwina kulikonse padziko. Namasupuni amene amatseka mtsinje wa Shire kwawo ndi ku South America, ndipo adafalikira m'maiko ambiri chifukwa anthu adakopeka ndi duwa lake. Akuluakulu adati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo timakonda kumva mwambiwu ngati woyamikira mlendo. Timaiwala kuti lumo limatemanso. Ndipo madzi akatayika saoleka: palibe boma, palibe komiti, palibe ndalama zimene zingakasefe nyanja ya ku Europa titaithira tizilombo tathu.

Pomwe pandivuta ndi apa. Odi amayembekeza yankho. Munthu amati "Odini, lowani," kapena "Tadikirani pang'ono." Kachilombo ka pansi pa ayezi sikadzayankha, ngakhale titaodira zaka chikwi. Ndiye kodi tiime pamvula mpaka kalekale? Wina angati ulemu weniweni n'kusapitako n'komwe. Ine sindifika pamenepo. Kufuna kudziwa ngati tili tokha m'chilengedwe chonsechi si chidwi chachabechabe. Ndi funso limene mwana aliyense amene adagonapo chagada pabwalo usiku wa mu October adadzifunsapo. Agogo sadabwerere pamvula. Adasuzumira, adalowa, adakhala chapakhomo. Kulawa nthunzi imene Enceladus akulavula yekha kunja, monga idachitira Cassini, n'kusuzumira. Kuboola chigobacho n'kutsitsiramo makina ndi nkhani ina, yofunika kuti amene adzachite adzathe kulumbira kuti manja awo ndi oyera, osati mwina ndi oyera.

Chondidetsa nkhawa n'choti anthu a odi akuchepa mphamvu, a liwiro akuchuluka. Ayezi yemweyo amene wasayansi amamuona ngati nyumba ya chamoyo, wamalonda amamuona ngati mafuta, pakuti madzi ukawagawa amatulutsa hydrogen ndi oxygen zoyendetsera roketi. Mu 2015 dziko la America lidakhazikitsa lamulo lolola makampani ake kukhala eni a zimene angakumbe m'mlengalenga, ndipo Luxembourg idatsatira mu 2017. Za ayezi wa pamwezi wathu sindidandaula kwambiri, pakuti palibe akuyembekeza chamoyo kumeneko. Koma taonani zimene zidachitika mu 2019: chombo cha ku Israel chotchedwa Beresheet chidagwa pamwezi, ndipo pambuyo pake m'pamene zidamveka kuti m'katundu wake munali tinyama touma totchedwa tardigrade, todziwika ndi kupirira kuzizira ndi kusowa mpweya. Mwina sitidaononge kanthu. Chimene chidaoneka ndi khalidwe: kulowa kaye, kunena pambuyo.

Nanga ku Mars, kumene anthu olemera akulumbira kuti adzatumizako anthu? Chombo ungachiwotche mu uvuni. Munthu sungamuwotche, ndipo thupi la munthu mmodzi limanyamula tizilombo mabiliyoni osawerengeka, pakhungu, m'kamwa ndi m'matumbo. Adzafuna madzi, ndiye adzatera pomwe pali ayezi, pamalo pomwepo pamene chamoyo chikadabisala chikadakhala kuti chilipo. Tsiku limene phazi loyamba lidzaponde pamenepo, funso lakuti kodi Mars anali ndi zamoyo zakezake likhoza kusokonekera osadzakonzekanso. Amene adzasankhe tsikulo ndi anthu ochepa kwambiri, m'maiko awiri kapena atatu, koma chotayikacho chidzakhala cha mwana wa ku Lima, wa ku Dhaka ndi wa ku Ntcheu yemwe.

Mu October 2024 chombo china, Europa Clipper, chidanyamuka ulendo wa ku Jupiter, ndipo chikuyembekezeka kukafika mu 2030. Sichikatera pa Europa. Chizikangodutsa chapafupi maulendo pafupifupi makumi asanu, kuyeza kuchindikala kwa ayezi ndi kununkhiza chilichonse chotuluka m'ming'alu, ndipo ntchito ikadzatha akonza zokachigwetsera kwina, kutali ndi nyanjayo. Mnzanga wa paminibasi uja nditamuuza zimenezi adangoti, "Ndiye ngati akapeze kuti mulibe kanthu?" Ndidamuuza kuti m'kanyumba ka pabwinja kaja munalibenso kanthu. Adandifunsa ngati ufa uja tidadyabe. Tidadya, agogo atauyanika padzuwa masiku awiri.