Kodi Wolephera Kukana Shuga Ndi Mfulu?

Ku Manje, mumzinda wa Blantyre, ambiri amafisula ndi mandasi ndi tiyi wothira shuga wambiri, masana n'kumwa Sobo. Kodi munthu wolephera kukana zotsekemera angatchedwe mfulu? Iyayi, ameneyo ndi kapolo wa lilime lake.

M'chaka cha 2015, bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO lidalangiza kuti munthu wamkulu asapyole masupuni aang'ono pafupifupi 12 a shuga patsiku. Wopyola muyeso amadziitanira kuola mano, kunenepetsa ndiponso matenda a shuga.

Kudzimasula kumayamba pang'onopang'ono: kuchotsako supuni imodzi m'tiyi, kudya mbatata m'malo mwa mandasi, kupha ludzu ndi madzi. Lilime limazolowera. Paja akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Choncho mfulu weniweni ndi wodziletsa.