AMASIYE AMENE ANAIWALIKA PA KAUNDULA

Kuwerenga: Machitidwe a Atumwi 6:1-7

Dandaulo loyamba mu mpingo wa ku Yerusalemu silinali la chiphunzitso ayi. Linali la chakudya. Amasiye olankhula Chigriki ankadumphidwa pogawa thandizo la tsiku ndi tsiku. Atumwi sanawadzudzule kuti ndi osayamika. Anavomera kuti kagawidwe kalakwika, ndipo mpingo unasankha amuna 7, mmodzi mwa iwo Stefano, kuti akonze.

Tsono tiyang'ane kuno kwathu ku Ulongwe. Mu 2018 mitengo ya ESCOM inakonzedwa kuti nyumba ya mita yolipiriratu igule mayunitsi 50 oyamba a mwezi pa mtengo wotsikirapo. Cholinga chinali chabwino, kupepukitsa osauka. Koma thandizoli limatsata mita, silitsata munthu. Mayi wochita lendi chipinda chimodzi pa tauni, amene mita yake ndi imodzi ndi mabanja ena anayi, mayunitsi 50 aja amatha mwezi usanapite patali, ndipo otsalawo amasonkha pa mtengo wokwera. Wa nyumba yakeyake, wa firiji ndi wailesi yakanema, iye amalandira 50 wake wathunthu. Nanga a kumudzi? Kalembera wa 2018 anapeza kuti mwa nyumba 100 zilizonse m'Malawi, pafupifupi 11 zokha ndizo zinkaunikira magetsi. Ambiri mwa enawo ankaunikira tochi ya mabatire, ndipo mabatire alibe mtengo wa osauka.

Chimodzimodzi Mtukula Pakhomo, amene anayamba ku Mchinji mu 2006. Anakonzedwera mabanja osaukitsitsa opanda munthu wamphamvu wogwira ntchito, banja limodzi mwa 10 alionse. Agogo ambiri apulumukirapo, tithokoze Mulungu. Koma wamasiye wogulitsa zitumbuwa pa msewu wa ku Mangochi amauzidwa kuti ali ndi mphamvu. Inde ali nazo, koma kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mphamvuzo sizinagule ufa wochuluka. Ameneyu ndiye wamasiye wa Chigriki wa masiku ano: sali pansi penipeni kuti alembedwe, komanso sangadzilipirire.

Ena adzati ndalama za boma n'zochepa. Zoona, ndipo ku Yerusalemu nakonso nkhokwe sinali yosefukira. Komabe mzere wolekanitsa wolandira ndi wosalandira anaulemba ndi anthu, ndipo anthu angausunthe. Tikakhala pa msonkhano wa VDC, kapena khansala ndi phungu akabwera, tisamangovina ndi kululutira. Tiwauze kuti thandizo lifikenso kwa amene ali pamwamba pang'ono pa mzerewo, ndi kwa ogawana mita.

Ndipo pano ndinene mosabisa, ngakhale ena nkhope zigwe. Enafe ndife eni nyumba za lendi. Posonkhetsa ndalama ya magetsi, kodi wa babu limodzi timamulipiritsa mofanana ndi ife ophikira pa mbaula ya magetsi? Tisanapite kwa khansala, mwezi uno tikhale pansi ndi alendi athu, tiwerengere pamodzi zimene aliyense amayatsa.