Dothi la pathanthwe ndi dimba la anganga



Lero ndiyamba ndi kudziulula ndekha. Tchuthi chapitachi nditafika kwathu ku Ntaja, ndinkafuna kuti pakhomo pathu pazioneka ngati pa yunivesite, pomwe kapinga amakhala wobiriwira ngati kapeti wa mumzikiti. Vuto ndi loti kutsogolo kwa nyumba yathu ndi pamiyala, ndipo pansi pake pali thanthwe. Kukumba kunandikulira. Ndinangotuta dothi lakuda pa wilibala, kuliwaza pamwamba, kubzala kapinga, basi n'kumathirira m'mawa ndi madzulo. Patangotha masabata atatu panabiriwira. Ndinajambula, ndinaponya pa status, anzanga anati Mashallah. Kenako usiku wina kunagwa chimvula choyamba. Kutacha, dothi lonse linali m'ngalande ya mumsewu, kapinga ali mizu m'mwamba, thanthwe lili poyera ngati kale.

Sabata yomweyo mayi anandituma ku Ulongwe, m'boma la Balaka, kukaona anganga. Amene mumaidziwa Balaka mukudziwa mmene dzuwa limaotchera kumeneko, ndipo nthawi imeneyo mvula inali isanagwe. Kuseri kwa nyumba yawo kuli kadimba koti simungakajambule n'komwe. Pansi ponse ndi mapesi, udzu wouma, makoko a mtedza ndi masamba a mango. Koma mpiru, therere ndi tomato zinali zosangalala. Ndinati, "Anganga, bwanji osasesa zinyalalazi?" Anaseka n'kundiuza kuti, "Tapisa dzanja pansipo, mwanawe." Nditapisa, dothi linali lozizira, lachinyontho, lofewa. Iwo anati, "Nthaka ukaisiya maliseche, dzuwa ndi mvula zimaidya. Uziiveka."

Ndili mu minibasi pobwerera, ndinakumbukira ndime ziwiri zomwe tinaloweza ku madrasa ndili mwana, koma tanthauzo lake linandilowa tsiku limenelo. Mu Surat Al-Baqarah ndime 264, Allah (Subhanahu wa Ta'ala) akutichenjeza kuti tisaononge sadaka zathu pokumbutsa munthu zomwe tinampatsa kapena pomupweteketsa mtima. Munthu wopereka kuti anthu amuone wafanizidwa ndi thanthwe losalala lomwe pamwamba pake pali kadothi, ndipo chimvula chikagwa thanthwelo limatsala lopanda kanthu. Ndime yotsatira, ya 265, ikufanizira wopereka pofuna chikondi cha Allah ndi munda wa pamalo okwera: chimvula chikaugwera umabereka kawiri, ndipo chikapanda kubwera, mawawa okha amaukwanira. Subhanallah! Kapinga wanga ndi dimba la anganga, zonse ziwiri zili mu Qur'an moyandikana.

Tsono tiyeni tidzifunse, ife a m'badwo wa foni. Tikapita kukapereka thumba la ufa kwa mayi wamasiye, choyamba kutuluka ndi ufa kapena kamera? Namondwe wa Freddy atawononga m'mwezi wa Malichi 2023, achinyamata ambiri tinasonkha zovala ndi chakudya, Alhamdulillah. Koma ndi zithunzi zingati zomwe zinayenda pa Facebook, agogo atagwira kajumbo ka shuga, nkhope ili pansi ndi manyazi, ife tikumwetulira pambali? Tinawapempha chilolezo? Nanga tikadzuka Tahajjud usiku umodzi, eti mpaka gulu lonse la WhatsApp lidziwe? Imeneyi ndiyo riyaa. Imabiriwira msanga ngati kapinga wanga uja, ma like amabwera, koma pansi pake ndi thanthwe. Tsiku la Kiyama likadzafika, munthu adzafufuza malipiro ake osapeza kanthu. Allah atiteteze.

Musandimve molakwa. Si chithunzi chilichonse chomwe ndi riyaa. Bungwe likasonkhetsa ndalama liyenera kuonetsa komwe zapita, ndipo nthawi zina kupereka poyera kumalimbikitsa ena. Surat Al-Baqarah yomweyo, ndime 271, ikunena kuti sadaka yoonekera ndi yabwino, koma yobisa yopita kwa osauka ndi yabwino koposa kwa ife. Mu Hadith ya mwa Bukhari ndi Muslim, mwa anthu asanu ndi awiri omwe Allah adzawaike mumthunzi wake muli munthu wobisa sadaka yake mpaka dzanja limodzi osadziwa zomwe linzake lapereka. Nkhani ndi niya, ndipo niya ya mnzako sungaione. Aliyense apise dzanja mumtima mwake ngati mmene ndinapisira pansi pa mapesi aja.

Mapesi amachita chiyani kwenikweni? Amatchinga dzuwa kuti chinyontho chisathawe. Amalandira madontho a mvula kuti asamenye dothi mwachindunji, madzi n'kumalowa pang'onopang'ono. Amaletsa udzu kumera. Pomaliza amawola n'kusanduka manyowa. Kubisa ntchito yabwino kumateronso pa imaan: kumaiteteza ku dzuwa la matamando, ndipo ikhlaas imakula mwakachetechete pomwe palibe akuona.

Koma tisathere pa fanizo lokha, chifukwa nthaka yeniyeniyonso ndi amaana m'manja mwathu. Dothi lomwe likukokoloka m'mapiri a Chikala ndi m'minda yathu silibwerera. Lina limakathera mu mtsinje wa Shire, womwe umadutsa pa Liwonde, ndipo matope ake amakavutitsa mpaka malo opangira magetsi ku Nkula. Zomwe anganga anandiphunzitsa aliyense angachite pakhomo. Mukakolola musatenthe mapesi, yalani pa bedi mochindikala ngati zala zinayi. Siyani kampata kuzungulira tsinde la mbewu kuti lisawole komanso chiswe chisaliyandikire. Miyala yomwe mwafukula musataye, ikani mumzere wopingasa malo otsetsereka kuti madzi azichepa liwiro ndi kusiya dothi pambuyo. Mukapeza vetiva bzalani motsatira mzerewo. Madzi a wudhu asamangotayika, kumbani kangalande kolunjika pa nthochi kapena papaya, kunyumba ngakhalenso ku mzikiti. Ndipo ngati mukufuna kapinga, kumbani kaye, chotsani miyala, sakanizani manyowa, kuti mizu ipeze polowa.

Mtumiki Muhammad (Swalla Allahu alayhi wasallam) anatiphunzitsa, mu Hadith yomwe anailandira Anas bin Malik, kuti Msilamu akabzala mtengo kapena mbewu, chilichonse chomwe mbalame, munthu kapena nyama idzadyepo chimalembedwa kuti ndi sadaka yake. Taganizani: mbalame siidzakuthokozani, siidzakupangani tag. Ndi sadaka yomwe riyaa imavutika kulowamo. Nyengo yobzala mitengo m'dziko muno imayamba pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo. Bzalani mango kapena gwafa umodzi, muuphimbire, muusamale mpaka ugwire.

Ine ndayambiranso pakhomo paja, ndikukumba pang'onopang'ono, manja achita matuza. Chithunzi sindikutumizirani. Nanunso sabata ino chitani chabwino chimodzi chomwe adzachidziwe ndi Allah yekha.

Yaa Allah, yeretsani niya zathu, mutikhululukire pa zomwe tinachita kuti anthu atione, ndipo muidalitse nthaka yathu ndi mvula yabwino. Ameen.

Wassalaam alaykum warahmatullahi wabarakatuh.